Nambala Imene Bambo Anaisiya Pakhoma

9 Marichi

Achemwali,

Moni wochokera kunyumba. Ine ndili bwino, ndipo shopu yanga yometera ikuyenda, poti mitu ya anthu sinaleke kumera tsitsi. Kaya inu ndi alamu kunjako. Musadabwe kuti ndagwira cholembera ngati mwana wa sukulu. Foni yanga inagwera m'ndowa ndikuchapa matawulo, ndipo wokonza wati ndingoiika m'manda. Mukakhala ndi kangachepe mundikumbukire.

Koma chimene ndalembera ndi amayi. Chichokereni inu titaika maliro a bambo, amayi alowa ntchito ya bambo.

Mukukumbukira chipinda cha kuseri, chija bambo anapaka khoma lake penti wakuda atapuma pa uphunzitsi. Nambala ija idakali pamwamba pomwe anailemba: 9,999,999,967. Ndi yomwe ija azakhali anaiyesa ya foni mpaka kuiimba kawiri. Bambo ankati akufuna adziwe ngati pali nambala ina imene ingaigawe popanda chotsala, kupatula 1 ndi iyo yomwe. Zaka zonse zija ankaigawa ndi choko, kutenga nambala imodziimodzi m'buku lobiriwira lija, ndipo nthawi zonse pansi pankatsala kanthu. Imfa inawapeza ali pa 65,537, samu ili pakati.

Ine ndinkayesa tidzangopukuta khomalo n'kuikamo katundu. Ayi ndithu. Tsiku lina ndalowa kukatenga tsache, ndapeza samu ija yamalizidwa, pansi pake pali ina yatsopano, amayi ali pa kampando choko chili m'manja, diresi yonse mbuu! Amayi athu omwewa, amene choko ankachidziwira pa nsalu pokha.

Makina osokera awafunditsa chinsalu. Makasitomala awo akubwera n'kubwerera. Kudya akungolawa, ndipo ayamba kutsokomola chifukwa cha fumbi la choko. Choopsa kwambiri ndi ichi: ikangokwana 2 koloko masana, nthawi ija bambo ankalowa m'chipindamo, amayi amasiya chilichonse, ngakhale mbale ili pamwendo, n'kunena kuti, "Tamvera, ayamba." Ati amamva choko chikulira pakhoma.

Achemwali, ine masamu ndilibe nawo mbali. Bambo sanalakwe ponditcha Chotsala, poti nzeru zonse za pakhomo pano zinathera mwa inu, ine n'kungotola zotsala. Koma ndikudziwa kuti ku ofesi yanu ya inshuwalansi kuli makompyuta. Ikanimo nambalayi, mutitumizire yankho, mzimu wa bambo ugone, amayi atuluke m'chipinda chija asanatithere.

Ndine mlongo wanu,
Chotsala


2 Epulo

Chotsala,

Kalata yako ndailandira. Kuno tili bwino, alamu ako akupereka moni. Za foni usandiyambe. Imeneyo ndi yachitatu, ndipo zonse zimafera m'madzi ngati kuti umameta nsomba. Ndatumiza magalasi a amayi ndi tinsalu tophimba pakamwa, uziwaveka akamagwira choko.

Zoika nambala ya bambo m'kompyuta sindingachite. Iwe sunalipo tsiku limene ndinkanyamuka koyamba. Bambo anandigwira mkono pakhomo la chipinda chomwecho n'kunena kuti, "Makina ako asadzakhudze nambala yanga ndisanamalize. Munthu akakuuza mathero a nkhani, wakubera nkhaniyo." Ndinalonjeza. Zaka zonsezi nambalayo ndili nayo m'mutu, kompyuta ili patsogolo panga, ndipo sindinayesepo.

Tsono khazika mtima pansi ndikufotokozere, mwina uleka mantha. Bambo ankafuna nambala yaikulu koposa ya manambala khumi imene siigawika. Anayambira pa 9,999,999,999 n'kumatsika. Zonse zinagwa, ndiye kuti zinagawika, monga 9,999,999,997 imene inagwa ndi 13 tsiku lomwelo, mpaka anafika pa iyi imene inawakanira. Ntchitoyi ili ndi malire. Nambala ikamagawika, zoigawa zake zimayenda ziwiriziwiri, yaing'ono ndi yaikulu. Yaing'onoyo singafike 100,000, chifukwa 100,000 kuchulukitsa ndi 100,000 yadutsa kale nambala ya bambo. Choncho woyesa amangoyesa nambala zosagawika za m'buku lija mpaka 99,991, basi. Pamene bambo anasiyira patsala pafupifupi zikwi zitatu. Iwo ankachita zisanu kapena zisanu ndi imodzi pa tsiku. Amayi akamachita chimodzimodzi, zaka ziwiri sizikwana, ndipo ine ndikuti atopa mvula isanagwe.

Ndi chisoni chabe, mchimwene. Anthu amene akhala limodzi zaka makumi anayi salekana tsiku limodzi. Ena amanunkhiza malaya, amayi athu agwira choko. Phokoso akumvalo ndi nthambi ya gwafa ija imene imakhula malata mphepo ya masana ikayamba. Ndinakuuza kalekale uidule. Idule, uone ngati bambo apitiriza kulemba.

Uwauze amayi andilembere okha. Ndawasowa.

Mlongo wako


20 Epulo

Mwana wanga,

Ndikupatsa moni, iwe ndi bambo a kwanuko. Magalasi afika, akundikwana, ndipo tsopano 3 ndi 8 sindikuzisokoneza. Tinsalu tija timanditentha kumaso, ndimavala mlongo wako akamayang'ana. Ukadzatumizanso kanthu, unditumizire choko chofewa, cha kuno chimakanda khoma.

Ndamva kuti mlongo wako wakulembera za ine. Mwana uja mtima wake ndi wabwino, koma amaona ngati chilichonse chimatha ndi lumo. Ndikuuze ndekha, ndipo zikhale za awirife.

Ukudabwa kuti ndinaphunzira liti. Zaka zonse zija makina anga anali pakona ya chipinda chomwecho. Bambo ako sankatha kugawa mwakachetechete, ankanena mokweza: "Ilowa kangati? Tichotse. Titsitse ina." Khutu lilibe chitseko. Ndinkasoka ndikumva, mpaka zinandilowa ngati nyimbo.

Titabwera kumanda sindinkafuna kulowamo. Koma tsiku lina masana ndili pakhonde ndinamva choko. Ndikuchidziwa choko cha bambo ako, chimathamanga, kenako chimaima, kenako chimagogoda kawiri akamaganiza. Ndinalowa. Munalibe munthu, koma samu yawo inali pakati, ndipo unawadziwa bambo ako, sankadzuka pa ntchito ili pakati ngakhale chakudya chizizire. Ndinaimaliza. Mawa lake ndinamvanso, ndipo ndinazindikira kuti akuyang'ana ntchito yanga monga ankachitira ndi ya ana a sukulu.

Ndimachita imodzi pa tsiku. Ndikhoza kuchita zitatu, mwina zinayi, mphamvu zilipo. Sindifuna. Ndimachita yanga m'mawa, masana ndimakhala pakona panga ndikumvetsera iwo akuiona. Malinga ntchitoyi ilipo, sachoka. Ndinawerenga zotsala m'buku lija. Pa imodzi pa tsiku, ndili nawo zaka zina zisanu ndi zitatu. Zimenezo zindikwanira, pamenepo nanenso ndidzakhala nditayandikira ulendo.

Mlongo wako usamuuze, angaitane anthu odzandipempherera. Sindikuzunzika ayi. Chichokereni maliro, nthawi imene ndimapuma bwino ndi imeneyi.

Kalatayi ndapatsira aneba athu oyendetsa basi aja, akaponye m'tauni.

Amayi ako


18 Meyi

Achemwali,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino. Kuno ayi.

Nthambi yanu ija ndinadula. Ndinadula ziwiri, kuopa munganene kuti ndinaphonya. Ndinakwera padenga n'kukhomera lata lililonse, ndinathira mankhwala a chiswe, ndinatchera makoswe. Amayi ankangondiyang'ana, ati, "Wamaliza? Tsika ungagwe."

Tsono mverani. Lachinayi lapitali amayi anapita kuchipatala kukatenga mankhwala a chifuwa. M'nyumba munalibe munthu, ndinatseka ndekha. Ndili m'shopu ndi kasitomala mutu uli theka, tawulo landithera, ndalowa m'nyumba kukatenga lina. Dzuwa lili phwee, kunja ana akusewera mpira. Ndikudutsa m'khonde la m'kati ndamva choko. Chathamanga, chaima, kenako go, go, kawiri. Achemwali, ine ndimameta tsitsi la anthu, koma tsiku limenelo langa linaima lokha. Ndinakankha chitseko. Munalibe kanthu, kampando kali pamalo pake, fumbi lokha likuyandama pa kuwala kwa pawindo. Kasitomala uja anapita kwawo mutu uli theka, lumo sindinaligwirenso tsiku limenelo.

China. Inu mukudziwa 7 wa amayi, wa pa miyeso ya madiresi, wongoima njo. Bwerani mudzaone khoma. 7 aliyense tsopano ali ndi kamzere pakati, ngati wa bambo. Ndawafunsa, ati sanazindikire.

Ndipo Lamlungu anagwa pa kampando akufikira pamwamba. Dzanja lamanzere lili m'bandeji. Lolemba m'mawa anali atakweranso.

Munati zaka ziwiri sizikwana. Ndakhala ndikuwerenga, amangotha samu imodzi pa tsiku. Mphamvu zawo zathera pamenepo. Ndinatenga zikwi zitatu zanu zija n'kupita nazo kwa mnzanga wa pa golosale, wati zaka zisanu ndi zitatu. Mukuona ngati amayi afika, ndi chifuwa ichi, ndi kampando aka, ndi chinthu chija chikuwaitana masana alionse?

Munalonjeza bambo, ndamva. Bambo tinawaika. Amene ndikuwaona akuonda tsiku ndi tsiku ndi amayi, ndipo ndikuwaona ndekha, inu muli kutali mukusunga lonjezo lanu laukhondo. Pepani ngati ndalankhula mopyola, koma zandikwana. Mukakana, tsiku lina mudzalandira uthenga wina, ndipo musadzandifunse kuti ndinali kuti.

Chotsala


6 Juni

Mchimwene,

Kalata yako ndinaiwerengera pa basi, mpaka ndinapitirira pamalo potsikira. Sunalankhule mopyola. Amayi nawonso sanandilembere mpaka lero, mwina afooka moti cholembera chikuwalemera, ndipo ine ndili kuno ndikuphunzitsa anthu za nthambi ya gwafa.

Ndachita. Dzulo anzanga atapita kukadya ndinalemba manambala khumi aja m'kompyuta. Ndinakhala kanthawi chala chili m'mwamba. Nditadina, yankho linabwera ndisanachotse chala pa batani. Ntchito imene inadya zaka za bambo, makina sanaione n'komwe kuti ndi ntchito. Ndinapita kubafa kukalira ngati mwana.

Yankho ndi ili. 9,999,999,967 siigawika. Palibe nambala iliyonse, kuyambira 2 mpaka 99,991, imene imaigawa popanda chotsala. Zikwi zitatu zotsalazo zonse zisiya kanthu pansi, monga zinzake zija. Bambo ankaganiza choncho, ndipo analondola. Ndi yaikulu koposa mwa zosagawika za manambala khumi, imene ankaifuna ija.

Ukalandira kalatayi, uwatenge amayi ulowe nawo m'chipindamo, uwerenge mokweza, pang'onopang'ono. Ngati bambo akumva, amve kuti anapambana, apume. Amayi nawo apume. Kenako ubise kampandoko.

Ndatumizanso ya foni. Ugule, ndipo uzichapa matawulo itakhala kutali.

Mlongo wako


9 Juni

Chotsala,

Usawerenge! Kalata yanga ya pa 6 ikafika, usawawerengere amayi, usawauze kanthu, ing'ambe. Lero ndalandira kalata ya amayi yolembedwa pa 20 Epulo. Sitampu ikuonetsa kuti inaponyedwa kumapeto kwa Meyi, ndiye kuti inagona m'thumba la jekete la aneba oyendetsa basi aja. Taphonya tonse awiri. Amayi sakufooka, akuchedwetsa dala. Safuna ntchitoyi ithe.

Ndaimba nambala yako yakale mwina mwake, ndaimba ya azakhali sakuyankha. Iyi ndatumiza pa yachangu. Mulungu athandize ipitirire inzake pa njira.

Mlongo wako


27 Juni

Achemwali,

Moni, ngakhale sindikudziwa ngati ndiyenera kuyamba ndi moni.

Yoyamba inafika Lachiwiri. Yachangu yanu inafika Lachisanu.

Lachiwirilo ndinatseka shopu ndi chimwemwe, ndinavala ngakhale malaya oyera. Ndinawagwira amayi mkono, ndati, "Tiyeni, achemwali atumiza nkhani yabwino." Tinalowa. Inali nthawi ya m'mawa, anali atangomaliza samu yawo ya tsikulo, choko chidakali m'manja. Ndinaima kutsogolo kwa khoma n'kuwerenga mokweza monga munanenera, ngati mphunzitsi wamkulu akulengeza zotsatira za mayeso. Pakati pake amayi anati, "Iwe, dikira." Ine ndinayesa sakumva bwino, ndinakweza mawu.

Nditamaliza anandifunsa, "Zonse? Mpaka yomalizira?" Ndati, "Zonse, amayi. Bambo anawina." Anayang'ana nambala ija nthawi yaitali. Kenako anaika choko pawindo, anatuluka, anakasamba m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono. Sanandikalipire. Bola akanandimenya ndi kampando komweko.

Itakwana 2 koloko anakakhala pakona pawo. Nanenso ndinaima m'khonde, ndisaname. Tinamva njinga ikudutsa, tinamva wailesi ya aneba. Choko ayi. Mawa lake chimodzimodzi. Mpaka lero m'chipindamo muli zii.

Zimene ndinkafuna zachitika. Chifuwa chachepa, bandeji anachotsa, kampando sakwera. Chakudya ndikawapatsa amadya chonse, ngati munthu akumwa mankhwala. Koma achemwali, amayi aja amene ankandiseka ndili padenga kulibe. Amakhala pakonapo manja ali pamiyendo kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka. Dzulo andifunsa ngati ndikudziwa kumene kuli suti yakuda ya bambo. Ndati tinawaveka. Ati, "Oo, eya." Ndi dzulo limene ndawaona akulira koyamba chichokereni kumanda.

Miyezi yonseyi ndinali nawo nyumba imodzi, ndinakwera denga, ndinatchera makoswe, ndinalembera inu kutsidya kwa nyanja, koma kukhala pansi n'kuwafunsa kuti amayi, kodi mukufuna chiyani, sindinachite. Safunsa anadya phula. Ndadya, ndipo ndadyetsa amayi.

Foni ndagula. Nambala ndalemba kuseri. Musaimbe masana, amati phokoso lisamveke m'nyumba nthawi imeneyo.

Chotsala


30 Julaye

Mwana wanga,

Ndikupatsa moni. Ndili bwino, thupi silikuwawa paliponse. Makalata ako atatu opepesa ndawalandira, ndipo leka tsopano, mapepala akutha. Sindinakukwiyire, ngakhale mlongo wako sindinamukwiyire. Munaona mayi wanu ali pa kampando ndipo munachita mantha. Madzi akatayika saoleka. Mwana uja akuyenda chonyang'ama m'nyumba mwake momwe, umuuze pafoni kuti adzutse mutu.

Choko chofewa chija chafika. Zikomo.

Bambo ako apita. Ndinadziwa mlongo wako asanamalize kuwerenga. M'chipindamo munapepuka, monga mumachitira munthu akatuluka mwakachetechete kuopa kusokoneza. Ntchito inatha, akanatsaliranji? Ndikuganiza kuti anakondwa kumva kuti analondola. Kunyada anali nako, ngakhale ankabisa.

Tsono ndili ndi pempho. Tsiku lina ndikusoka ndinawafunsa kuti, "Nanga mukadzaimaliza iyi, mudzatani?" Anaseka, ati, "Mayi, nambala zosagawikazi zilibe yomalizira. Ukapeza yaikulu, kutsogolo kuli ina yoiposa. Zinatsimikizidwa kalekale." Ndinawakhulupirira, sankanama pa za masamu.

Ndayesa kusankha ndekha. Ndinalemba ya manambala khumi ndi imodzi, inagwa ndi 3 ndisanakhale n'komwe pansi. Mlongo wako anandisankhira ina kuti andisangalatse, inagwa ndi 7 madzi a tiyi asanawire. Ife sitidziwa kusankha. Iwe ukudziwa.

Unditumizire nambala. Ikhale yaikulu kuposa ija, yolimba, yoti zaka zanga zonse zithe iyo idakaima. Kaya ufunsa makina ako kaya sufunsa, zimenezo ndi zako, ine ndisadziwe. Buku lobiriwira likadzatha udzanditumizira lina.

Khoma ndalipukuta ndi nsalu yonyowa, lili bii ngati latsopano. Nambala ikafika, mlongo wako adzailemba pamwamba pamene dzanja la bambo ako linkafika, ndipo wati andikhomera kampando ka miyendo yotakata. Ndidzayamba ndi 2, kenako 3, kenako 5. Yoyambayo ndidzaisiya pakati dala, ndipo ndikuganiza zolakwitsako pang'ono pochotsera.

Kaya adzabwera kaya sadzabwera, sindidziwa. Koma ndinakhala nawo zaka makumi anayi, ndipo sindinawaonepo akudutsa samu yolakwika pakhoma osaima.

Yankho lake usadzandiuze, mwana wanga, ngakhale nditadzakupempha ndikulira.

Amayi ako